Chipinda cha Pamwamba pa Galaja

Linali Lachinayi, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, pamene foni inalira m'thumba la epuloni yanga. Ndinali ku Surrey, kumwera kwa England, ndikupesa tsitsi la Mayi Eleanor, gogo wachizungu yemwe ndinkamusamalira m'nyumba mwake. Woimba anali Moira, mnansi wathu wa chipinda chapansi kuno ku Easterhouse, mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Anati, "Agnes, amuna ako ndawapeza atagwa pamasitepe. Akupuma koma sakuyankhula. Ambulansi yafika." Ndinabweza foni m'thumba n'kumaliza kupesa mbali yotsala, chifukwa manja anga sanadziwe china chochita. Mayi Eleanor anandiyang'ana pagalasi n'kufunsa ngati kunja kukugwa mvula.

Ndikulembera inu ana anga awiri, Thoko ndi Dalitso. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye musayembekezere mawu okongola. Ndikufuna mudziwe ntchito zomwe ndinagwira, komanso chifukwa chake ndinakana chipinda chija. Iwe Thoko unandifunsapo kamodzi, koma tsiku lomwe unafunsalo silinali loti munthu n'kufotokoza bwino.

Ku London, zaka zoyamba

Bambo anu ndiwo anatsogola kubwera, ine ndinawatsatira ndi inu muli ang'ono. Iwo ankagwira ntchito ya ulonda pa nyumba ina yosungiramo katundu. Ine ntchito yanga yoyamba inali yokolopa m'maofesi m'mbali mwa mtsinje. Tinkayamba mbandakucha kuti eni maofesi akamafika apeze tachoka. Kapitawo wathu anali mayi wamfupi yemwe sankayang'ana pansi pomwe wakolopa, ankakwera pampando n'kupititsa chala pamwamba pa chitseko. Akapeza fumbi ankangokuonetsa chalacho. Ndinaphunzira kuyambira pamwamba pa zitseko, ndipo mpaka lero m'nyumba muno ndimayambira pomwepo.

Malipiro a ku London anthu a kumudzi akawamva ankaganiza kuti tikugona pa ndalama. Koma tinkakhala anthu anayi m'chipinda chimodzi, pakati titapachika nsalu. Khitchini ndi bafa tinkagawana ndi mabanja ena atatu. Lendi inkadya malipiro onse a bambo anu, anga n'kukhala a chakudya ndi basi. Chaka chilichonse mwini nyumba ankabwera akumwetulira, ndipo tinkadziwa kuti kumwetulirako n'kokweza lendi.

Tsiku lina tinapita kukapepesa maliro a Mmalawi mnzathu, ndipo kumeneko tinakumana ndi a Mvula, mkulu wa mpingo wochokera ku Glasgow. Atamva momwe tinkakhalira anagwira pakamwa. Anati, "Ndalama yomwe mukulipira chipinda chimodzicho, kwathu mupeza nyumba ya zipinda ziwiri, chenji n'kutsala." Bambo anu anati, "Ndiye chilipo chomwe simukutiuza, achimwene." A Mvula anati, "Kuzizira." Bambo anu anaseka mpaka anthu anatembenuka, pamaliro. Anati, "Ife a ku Tsangano tiope kuzizira? Tinabadwira m'nkhungu ife."

Ine nkhaniyi sinandidabwitse. Mayi anga ankapikula mbatatesi ku Tsangano n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chimodzimodzi chimakhala ndi mitengo iwiri m'dziko limodzi. Chomwe ndinali ndisanaganizepo n'choti denga nalonso lili ngati mbatatesi.

Ku Glasgow, kuyambira chaka chomwe Thoko anayamba sekondale

A Mvula sananame. Mapepala athu atalongosoka tinapatsidwa fulati ino ndi bungwe la nyumba, pansanjika yachiwiri, zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza. Tsiku loyamba iwe Dalitso unkangotsegula zitseko n'kutseka. Bambo anu anaima pakati pa balaza n'kutambasula manja, anati, "Nankhoma, taona, sindikukhudza khoma." Dzina langa la kumtundu ankalitchula akakondwa.

Ndinalowa ntchito panyumba yosamalira okalamba, ulendo wa mabasi awiri kuchokera kuno. Imeneyo ndiyo ntchito yomwe anthu athu amangoti ya kheya: kusambitsa, kudyetsa, kusintha matewera, kutembenuza odwala kuti asachite zilonda. Bwana wathu anali mayi wabwino mtima koma wotopa. Chilichonse chinkaperewera. Magolovesi ankatsekeredwa m'kabati, matawulo ankatha tisanamalize kusambitsa, ndipo pa shifiti yofunika anthu anayi tinkapezeka awiri. Ndikadandaula ankati, "Agnes, ndikudziwa. Ukapeza munthu wofuna ntchito ino pa malipiro ano, ubwere naye." Chizungu cha kuno poyamba sindinkachimva n'komwe. Gogo wina anandipempha chinthu katatu, ine n'kumubweretsera supuni, pomwe iye ankafuna ndimutsekere windo.

Pang'onopang'ono ndinaona kuti kutchipa kwa kuno kuli ndi mbali ziwiri. Lendi inali yopepuka, koma malipironso anali opepuka. Pambuyo pake mankhwala a kuchipatala anakhala aulere kuno pomwe anzanga a ku London ankalipirabe, ndipo iwe Dalitso unaphunzira ku yunivesite osalipira fizi, chinthu chomwe ku England sitikanachitha. Koma zomwe lendi inatisiyira, hita inkabwera kudzatenga. Kuno dzinja ndi nyengo yozizira, ndipo limayamba msanga n'kuchedwa kuchoka. Magetsi ndi gasi zinali za mita yolipiriratu, ndipo mita ija tinkaiyang'ana ngati mwana wodwala. Khoma la chipinda cha kumpoto linkachita chuku chakuda chaka chilichonse, tikapukuta chinkabwerera. Bambo anu, a ku Tsangano aja, anayamba kuvala masokosi awiri phazi limodzi. Ndikawakumbutsa zomwe ananena pamaliro paja ankati, "Kuzizira kwa ku Tsangano kuli ndi ulemu, kumachoka dzuwa likatuluka. Uku n'kopanda mwambo."

Kenako msana unawavuta, ntchito ya ulonda anaisiya. Malipiro anga okha sanakwane.

Msewu wa kumwera

Amayi anzanga a kumpingo ndiwo anandionetsa njira. Ambiri ankakhala kuno koma ntchito ankagwira kumwera kwa England, komwe kuli okalamba olemera ofuna munthu wogona m'nyumba mwawo. Umakwera basi yaikulu, umakakhala kumeneko milungu ingapo ukudya ndi kugona kwa abwana, kenako umabwerera kudzapuma wina akakulandira. Ndalama ya kumwera ukaibweretsa ku Glasgow imatalika. Ndinangoti iyi ndi bizinesi ya mayi anga ija, kusiyana kwake n'koti katundu wake ndine ndemwe. Bambo anu ankati, "Munda uli ku England, nkhokwe ili ku Scotland." Pobwerera ndinkadzera ku London kugula usipa, nyemba ndi nyama ya mbuzi, chifukwa zinthu zathu kuno zinali zosowa ndi zodula. Chikwama chinkanunkha m'basi monse, ine n'kumayang'ana pawindo ngati si changa.

Ndinayamba ndasinthasintha nyumba, kenako ndinakhazikika kwa Mayi Eleanor. Anali mayi wamasiye, thupi lofooka, mutu ukupita n'kumabwerera. Sankalola wina kumupesa koma ine. Mwana wake, a Richard, ankabwera kumapeto a sabata kuchokera ku London. Nyumba ija inali yofunda kuyambira pansi. Mapaipi a madzi otentha anadutsa kunsi kwa simenti, moti munthu unkayenda wopanda nsapato mu Januwale. Nditawauza bambo anu anakana kukhulupirira. Anati, "Nyumba yoti munthu n'kuvula masokosi? Nankhoma, tsiku lina udzanditenge ndikaipondeko." Inakhala nthabwala yathu. Ndikafika ankandifunsa kaye za masokosi asanafunse za ulendo.

M'dera limenelo ndinaonanso mbali ina. Anamwino omwe ankabwera kudzaona Mayi Eleanor palibe amene ankakhala pafupi, onse ankachokera kutali chifukwa lendi ya kumeneko sakanaitha. Ndinaonanso zomwe zimachitika gogo akamwalira. Mnzanga wina wa ku Zomba anasamalira bambo wina zaka zambiri mumsewu womwewo. Bamboyo atamwalira, ana ake anamuthokoza bwino, anamupatsa maluwa, n'kumuuza kuti nyumba ikugulitsidwa. Sabata isanathe anali pasiteshoni ndi zikwama zake. Sanali anthu oipa. Ntchitoyo imathera pomwepo basi.

Pambuyo pa Lachinayi lija

Inali sitiroko. Bambo anu anakhalitsa m'chipatala, ndipo anatuluka mbali ya kumanja itafa, mawu atatsala owerengeka. Masitepe a fulati ino sakanawathanso, ndiye dziko lawo linakhala chipinda ndi pabalaza. A khansolo anatumiza anthu obwera m'mawa ndi madzulo kudzawasambitsa ndi kuwagoneka. Kuno ku Scotland thandizo limenelo munthu salipira.

Ndinaimbira a Richard kuwauza kuti sindibweranso. Anati andiimbiranso. Patapita masiku anaimba. Anati, "Agnes, amayi akukana kudya. Abwera anthu awiri, onse awathamangitsa. Tamvera. Pamwamba pa galaja pali chipinda chachikulu, chili ndi bafa lake. Tiikamo mpando wokweza munthu pamasitepe. Bwera ndi amuna ako. Lendi palibe, hita ndi yathu, malipiro ako tiwonjezera." Ndinawafunsa kuti, "Nanga amayi akadzatisiya?" Anati, "Zimenezo tidzaona nthawi yake. Sitingakutaye." Ndikukhulupirira kuti ankanena kuchokera pansi pa mtima. Koma sananene kuti tidzakhala kuti.

Ndinapita ku bungwe la nyumba kukafunsa. Mtsikana wa pa ofesi anandifotokozera mofatsa kuti fulati siingakhale yopanda munthu nthawi yaitali. Tikasamuka ndiye kuti tabweza kiyi, ndipo tikadzafuna kubwerera tidzayambira kumapeto kwa mzere. Ndinafunsanso za anthu odzasambitsa. Anati ku England malamulo ndi ena, amayamba afunsa zomwe muli nazo, ndipo iye sakanandiuza kuti zikatha bwanji. Dokotala wa Mayi Eleanor anali atandiuzapo kale kuti mtima wawo ndi wofooka, tsiku lililonse ukhoza kuima.

Nkhani yotere mkazi sagamula yekha, ndiye ndinaimbira alamu anga ku Ntcheu, akulu awo a bambo anu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Alamu, ine sindikumvetsa. Kumeneko si ku UK konse? Mfumu yake si imodzi? Ndalama yake si imodzi? Ngati mzungu wapereka nyumba yaulere, mutengeni m'bale wangayo akafunde." Ndinayesa kuwafotokozera kuti lendi ya ku Surrey ndi ya ku Easterhouse zili ngati ya ku Area 10 ndi ya kwa Mgona. Anati, "Ndiye mukukana ku Area 10?" A Mvula, omwe panthawiyo anali atakalamba, anangoti, "Mayi, denga la mwini ndi la mwini. Koma amene akuzizidwa si ine."

Iwe Thoko unali utabwerera ku London, ukugwira ntchito ya unamwino. Unkaimba tsiku lililonse. Unkati, "Amayi, chifuwa cha adadi sichingapirire chinyezi chimenecho. Ndine namwino, ndikudziwa zomwe ndikunena. Pitani. Mukakhalanso pafupi ndi ine." Ndinakufunsa ngati gogoyo akamwalira ungatisunge. Unayamba kuyankha m'Chizungu, monga umachitira ukakwiya, ndipo ndinamva kuti iwenso unkagawana nyumba ndi anzako awiri. Dalitso unati chilichonse chomwe ndingasankhe uli nane, zomwe zinali zabwino kumva koma sizinandipepukitsire katundu.

Bambo anu ankamva zonse. Mutu wawo unali bwinobwino, pakamwa pokha ndi pomwe panatsekeka. Masana ena ndikuwadyetsa phala, anagwira dzanja langa ndi dzanja lawo lamoyo n'kuloza kumapazi kwawo. Ndinaganiza kuti sokosi yavuka. Anapukusa mutu. Analimbana ndi lilime nthawi yaitali, kenako mawu anatuluka. Anati, "Kofunda." Ndinadziwa kuti akufuna kupita.

Ndinaganiza sabata yonse. Chomwe chinkandibwerera m'maso ndi mnzanga wa ku Zomba uja ali pasiteshoni. Iye anali yekha ndi zikwama. Ine ndikanakhala ndi mwamuna wa pa chikuku, wosayankhula, m'dera lomwe ngakhale namwino sangalipire chipinda. Ndinaimbira a Richard n'kuwathokoza, n'kuwauza kuti sitibwera. Kenako ndinalowa kuchipinda. Ndinati, "Abambo a Thoko, ndakana. Gogo uja akafa tidzagona panja. Kuno n'kozizira koma kiyi ndi yathu." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo anakana chakudya. M'mawa mwake ndikuwaveka, anatukula okha phazi lamoyo lija kuti ndiwaveke sokosi yachiwiri. Za kofunda sanazitchulenso.

Zaka ziwiri zomaliza

Ndinabwerera ku ntchito ya kheya kuno, maola ochepa a masana, Moira akumawayang'anira ndikachoka. Imeneyo ndiyo nthawi yomwe mtengo wa gasi ndi magetsi unakwera dziko lonse. Ndinasamutsira bedi lawo pabalaza, kutali ndi khoma la chuku, n'kumatenthetsa chipinda chimenecho chokha. Ine ndinkagona pampando pambali pawo. Inu nonse munkatumiza zomwe mukanatha, ndipo hita ya pabalaza sinazimepo chifukwa chosowa ndalama, zimenezo mudziwe. Koma nyumba zino kutentha kumathawira m'makoma. Dzinja loyamba anadwala chifuwa n'kuchira. Lachiwiri chinabweranso, chinasanduka chibayo. Anamwalira m'chipatala mu Febuluwale, ine ndilipo, masana dzuwa likuwala pang'ono pawindo.

Tinawaika kuno. Alamu anga anadandaula kuti thupi silinapite kumudzi, koma ndinawauza kuti ndikufuna manda oti ndizitha kufikako. Anthu a kumpingo anagona nafe pano masiku onse a maliro, amayi pabalaza, abambo m'khonde, akuimba motsitsa mawu kuopa anansi. Moira anabwera ndi supu ndipo anakhala pansi pamodzi ndi amayi, miyendo itatambasulidwa, ngati anazolowera.

Tsiku lomwe tinachoka kumanda, iwe Thoko unandipeza m'khitchini ndikutsuka makapu. Unatseka chitseko. Unati, "Amayi, bwanji munakana chipinda chija? Bwenzi adadi ali moyo." Ndinati sindikudziwa ngati akanakhala moyo. Unati, "Munasankha nyumba." Ndinati, "Eya, ndinasankha nyumba." Unatuluka, ndipo kuyambira pamenepo mafoni ako anakhala aafupi, ofunsa za thanzi ndi nyengo.

Pali chinthu china chomwe sindinakuuzeni. Mayi Eleanor, a mtima wofooka aja, anakhala ndi moyo zaka zina bambo anu atapita. A Richard ananditumizira khadi amayi awowo atamwalira, ndi chithunzi chawo ali m'munda wa maluwa. Ndiye kuti tikanapita, bambo anu akanakhala masiku awo onse otsala m'chipinda chofunda, osathamangitsidwa ndi munthu. Akanaponda pansi paja opanda masokosi. Khadiyo nditaiwerenga ndinakhala pampando mpaka tiyi anazizira. Panthawi yosankha ndinalibe njira yodziwira zimenezi, ndipo ndikanapatsidwa zomwe ndinkadziwa tsiku lija ndikanasankhanso chimodzimodzi. Koma kunena choncho sikuchotsa kulemera kwake. Ndimakumbukira momwe anatukulira phazi lija.

Panopa

Ntchito ndinapuma mawondo atakana masitepe a anthu ena. Ndimadya penshoni yaing'ono, ndipo imandikwana chifukwa ndili ku Glasgow. Anzanga omwe anatsalira ku London ena akugwirabe ntchito ndi ndodo m'manja. Basi ndimakwera ulere, ndiye Lachinayi ndimapita kumanda kukazula udzu, Lamulungu kutchalitchi.

Mwezi watha iwe Thoko unaimba nthawi yomwe sumaimba. Unayamba ndi za nyengo monga mwa masiku onse, kenako unati mwini nyumba wakwezanso lendi, ndipo iwe ndi mwana wako, mdzukulu wanga, simungathenso. Unati wamva kuti zipatala za kuno zikufuna anamwino. Kenako unafunsa m'Chichewa, "Amayi, chipinda chathu chija chidakalipo?" Ndinati chilipo. Za adadi ako sitinakambe, ndipo sindikuyembekezera kuti ukadzafika udzanene kuti ndinachita bwino. Mwina sindinachite bwino. Ubwere basi.

Chipinda chake ndi cha kumpoto chija. Zovala za bambo anu zomwe ndinkasungiramo ndazichotsamo, ndapereka kumpingo, kupatula masokosi omwe ndikuvala ine. M'mawa uliwonse ndimatsegula windo, ndimapukuta chuku pakhoma kuyambira pamwamba, kenako ndimayatsamo hita kwa kanthawi kuti khoma liziuma iwe ndi mdzukulu wangayo musanafike.